Tsiku Limene Ndinakhalira Boneti ya Amalume

Galimoto ya amalume inayamba kulira yokha mvula itakhazikika. Inali pikiapu yoyera imene anabwera nayo kuchokera ku Joni atamaliza zaka zawo za kumigodi, ndipo pa Jenda ponse inali yokhayo yokhala ndi alamu, kachipangizo kokuwa wakuba akagwira galimoto. Pambali, pamwamba pa tayala la kutsogolo, panali kabowo ka kiyi waung'ono wozungulira. Ukapotoza kiyiyo ndiye kuti watchera. Munthu akatsegula chitseko kapena boneti, chinkakuwa mphindi yathunthu n'kupuma pang'ono, ndipo ngati chotsegulidwacho sichinatsekedwe chinkayambiranso. Mawu ake anali ngati nkhumba ikuphedwa, moti agalu a pamsika ankayankhira.

Ine sukulu ndinasiyira Sitandade 6, nditathyola mphuno ya mnzanga wa m'kalasi chifukwa anandiseka kabudula wong'ambika kumbuyo. Aphunzitsi anati ndibwere ndi kholo, ine sindinapondekonso. Amalume ndi amene ananditumiza ku Mzimba boma kukaphunzira zamagetsi a galimoto pa galaja ya mkulu wina, ndipo nditabwerako anandipatsa khonde la sitolo yawo kuti ndizigwirirapo ntchito. Ndinkakonza malole a matabwa ochokera ku Chikangawa akazimitsa nyale panjira, ndi timapikiapu ta alimi a fodya. Ntchito ndinkaidziwa. Vuto langa linali mtima wapachala. Munthu akangoti "kodi wakonzadi?" magazi ankathamangira kumutu.

Alamu itayamba kulira popanda woigwira, ndinati ndi chinyezi. Ndinamasula timaswichi ta m'zitseko zonse ziwiri, kupala dzimbiri ndi sandipepa, kupaka girisi. Panapita masiku awiri ili chete, lachitatu inakuwanso. Ndinati ndi makoswe, pakuti pikiapuyo inkanyamula chimanga ndipo makoswe amakonda kutafuna mawaya. Ndinalowa pansi pa chiwongolero ndi babu langa loyesera, kutsata waya umodziumodzi, ndipo ndinapezadi wina wosupuka pamene umadutsa pa chitsulo cha chitseko. Ndinakulunga tepi n'kuuza amalume kuti nkhani yatha. Patapita sabata inakuwanso, amayi ogulitsa tomato n'kumwaza katundu wawo pothawa. Ndinatsuka mitu ya batire, ndinasintha fyuzi yomwe inali yabwinobwino, ndinamanga waya watsopano wopita ku chitsulo cha galimoto. Kaswichi ka boneti ndinakayesa m'mawa wina, kukanikiza ndi chala, babu n'kuzima, kusiya, babu n'kuyaka. Kanali bwino. Ndinakaiwala.

Nthawi imeneyo amalume sanali pabwino ndi a chipani. Anali ataitanidwa kawiri ku ofesi ya tcheyamani wa dera. Koyamba anawafunsa chimene amapitira kawirikawiri kutsidya kwa malire, ku Lundazi, ndi amene amalankhula nawo kumeneko. Kachiwiri kunali chifukwa anakana kupereka pikiapu kuti ikanyamule amayi ovina ku msonkhano, ati yawonongeka, koma mawa lake anthu anaiona itasenza fodya. Pobwera kachiwiriko anakhala pa thumba la mchere m'sitolo osavula chipewa, n'kunena kuti tcheyamani wati kachitatu sipadzakhala mafunso. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Mphunzitsi wina wa kufupi ndi Embangweni anatengedwa choncho, ndipo mwana wake amene anamusiya akukwawa anali atayamba sukulu bambo ake asanabwere.

Madzulo a pa 2 Malichi ndinasintha waya wina wa kuseri kwa nyale n'kutchera alamu kuti ndiyese. Pofuna kumasula, kiyi anakana kutembenuka. Kabowoko kanali kachita dzimbiri. Munthu wanzeru akanadontheza mafuta n'kudikira. Ine ndinatukwana, ndinatenga pulayazi, n'kupotoza ndi mphamvu zonse. Kiyi anathyokera m'kati, alamu ili yotchera.

Amalume anayang'ana kachidutswa kamene kanatsala pa pulayazi.

"Muphwa," anatero, ndimo mmene ankanditchulira, kunena mwana wa mlongo wawo, "mawa ukulidziwa tsiku lake. Tsegula, ilire kamodzi lero, uchotse waya wa batire. Mbwenu tigone ndi mtendere."

"Asibweni," ndinatero, ndimo mmene timaitanira amalume kwathu, "ndakonza. Siilira."

"Unanenanso choncho."

"Ndiye mukuti sindidziwa ntchito? Pitani nayo kwa amene akudziwa!"

Ndinaponya pulayazi m'bokosi n'kuchokapo. Amalume sanali munthu wokangana. Zamagetsi ankaziopanso, ati batire inaphulikira mnzawo kumaso ku Joni. Anangoisiya momwemo, kutsogolo kwa sitolo.

Ana a masiku ano sangamvetse mmene tsiku la 3 Malichi linkakhalira. Linali lokumbukira amene anafera dziko, ndipo kukumbukirako kunali kwa lamulo. Palibe kugwira khasu, palibe kusinja, palibe kuchapa, palibe bawo, palibe mowa. Masitolo otseka. Kuseka mokweza kunali mlandu. Wailesi inkaimba nyimbo za maliro kuyambira m'mawa, ndipo achinyamata a chipani, a malaya ofiira, ankayendayenda ndi ndodo kumvetsera kumene kukumveka mtondo. Msewu waukulu womwe, umene masiku onse unkagwedeza mazenera, unkangoti zii.

Tsiku limenelo kunacha kopanda mtambo. Ine ndinakhala kuseri kwa sitolo, kumene kunali nyumba ya amalume, ndikusenda nzimbe mobisa. Dzuwa litakwera mpaka kudutsa denga la sitolo, cha m'ma teni koloko, alamu inayamba.

Sindinamvepo phokoso lalikulu chotero. Mwina linali lomwe lija, koma m'chete wa tsikulo linkamveka ngati likufika ku Kasungu. Ndinathamangira kutsogolo nzimbe ili m'manja. Amalume anatuluka opanda nsapato. Inalira mphindi yake, inapuma monga munthu akukoka mpweya, n'kuyambiranso. Ndinagwira zitseko, zonse zotseka bwino. Ndinathamangira pakhonde kukatenga sipanala ya nambala teni kuti nditsegule boneti ndi kumasula batire. Nditatembenuka, malaya ofiira anali atafika kale, asanu, akupuma mwawefuwefu.

Wotsogolera ndinamudziwa ndi mphuno yake yopindikira kumanzere. Anali mnzanga wa Sitandade 6 uja.

"Eee, a injiniya!" anakuwa kuti apose alamu. "Chili m'manjamo n'chiyani?"

"Ndikufuna ndiizimitse."

"Ndafunsa chili m'manjamo."

"Sipanala."

"Sipanala. Lero. Anyamata, mwaona? Anthu anafera dziko, a injiniya atsegula galaja."

Ndinaiponya pansi. Mmodzi wa iwo anaitola n'kuiika m'thumba ngati umboni. Amalume anayandikira atapinda msana, manja ali pamodzi.

"Wana wane, pepani chomene. Chinthuchi chapenga chokha. Mulekeni atsegule, ndi waya umodzi basi."

"Madala, kutsegula boneti ndi ntchito. Kuimba chitoliro chanu cha ku Joni lero ndi chipongwe. Sankhani mlandu umene mukufuna, ife yonse iwiri tili nayo."

Anatuma mmodzi kukaitana tcheyamani. Anthu anali atayamba kusuzumira m'makona a nyumba, koma palibe anayandikira. Alamu inapuma, n'kuyambiranso kachinayi kapena kachisanu. Ndinaona nkhope ya amalume itatuwa, ndipo ndinadziwa kuti ndine ndawafikitsa apa, ine ndi pulayazi yanga. Ukali wonse unalibe kopita. Munthu uja sindikanamugwira. Ndinatembenukira galimoto, ndinamenya boneti ndi nkhonya ziwiri pakona ya kumanja, n'kutsamira pomwepo ndi thupi lonse, mutu uli pansi, ndikutukwana chamumtima. Chitsulo chinali chotentha ngati chiwaya.

Mphindi ija inatha. Inapuma. Ndinadikira kuti iyambirenso. Sinayambe.

Ndinadzutsa chifuwa pang'ono kuti ndione, ndipo pansi pa dzanja langa ndinamva chitsulo chikukwera, n'kuti tiki, nthawi yomweyo n'kukuwanso. Ndinagwerapo msangamsanga. Mutu wanga unayamba kugwira ntchito mmene sunagwirire masabata onse aja. Boneti imeneyi inali itawongoledwa ndi hamala chaka chapitacho, amalume atagunda ng'ombe pa msewu wa ku Embangweni, ndipo kona ya kumanja sinkakhala pansi bwinobwino. Kaswichi kanali pansi pa kona yomweyo. M'mawa chitsulo chili chozizira chinkakanikiza kaswichi mokwanira, n'chifukwa chake nditayesa ndinapeza kali bwino. Dzuwa likachiwotcha chinkapindika n'kukwera pang'ono, mwina ngati kukhuthala kwa chikhadabo, kaswichi n'kuyesa kuti wakuba watsegula. Ndinakumbukira masiku onse imene inalira: kunali kowala, ndipo nthawi inali yomweyi. Ine ndinkafunafuna chinyezi pamene wolakwa anali dzuwa.

Ndinadumpha n'kukhala pa konapo. Italira mphindi yake inatonthola, ndipo sinayambirenso.

Tcheyamani anafika pa njinga. Anali bambo wonenepa, wa jekete yakuda, wolankhula pang'onopang'ono ngati mlaliki. Anamvetsera wamphuno uja akufotokoza, anamvetsera amalume akupepesa, kenako anandiyang'ana ine pamwamba paja.

"Iwe ukutani pamenepo?"

"Ndakhala, bambo."

"Ndikuona kuti wakhala. Chifukwa?"

"Ndikakhala siilira. Ndikatsika ilira."

Wina mwa anyamata aja anatsala pang'ono kuseka, n'kudzigwira pakamwa atakumbukira tsiku lake. Amalume anati mwina tiikepo mwala, kapena thumba la mchere la m'sitolo.

"Kusenza katundu ndi ntchito," anatero wamphuno mwachangu.

Tcheyamani anaganiza nthawi yaitali, akupukuta thukuta m'khosi. Ndikhulupirira ankafuna kuwatenga amalume pomwepo, koma anthu osuzumira aja anali ataona kuti palibe anagwira galimoto, ndipo tsopano inali chete.

"Kukhala si ntchito," anatero pomaliza. "Akhale. Koma mundimvetse, bambo. Chinthu chanuchi chanyoza kale tsiku lino. Chikangolira kamodzi kokha dzuwa lisanalowe, kamodzi, anyamata awa akubweretsani, ndipo musavutike kutenga bulangete." Anatembenukira wamphuno. "Mukhale pompano."

Anakwera njinga n'kupita.

Ndinali nditavala buluku lopyapyala la ntchito. Pasanathe nthawi ndinamva ngati ndakhalira mbaula. Ndinkasendeza thako limodzi, kenako linalo, mosamala ngati munthu wonyamula mazira, kulemera konse kuli pa kona ija. Manja sindikanatsamira nawo. Ndinawaika pa mawondo. Amalume anafuna kundipatsa chiguduli kuti ndiyale, koma ndinakana, chifukwa kuti chilowe ndinayenera kudzuka. Anandiveka chipewa chawo, iwo n'kuima pambali panga padzuwa, mutu wa dazi uli poyera. Ndinawauza kuti apite pamthunzi. Anangoimabe pomwepo.

A malaya ofiira anakhala pakhonde langa, pa benchi langa, mmodzi akuseweretsa babu langa loyesera. Wamphuno anayamba.

"A injiniya, zaka zonse zija ku boma mumaphunzira zimenezi? Kukonza galimoto ndi matako?"

Anzake anaseka motsitsa mawu.

"Mukudziwa, anyamata, awa anali anzeru m'kalasi. Kabudula wawo anali ndi mazenera awiri kumbuyo. Lero tiona ngati bulukuli silitsegula ena."

Ndinayang'ana msewu. Lole imodzi ya matabwa inali itaima patali, dalaivala atagona pansi pake podikira kuti tsiku lithe. Ndinayamba kuwerenga matabwa ake.

Atatopa ndi zapatali anadzuka n'kubwera pafupi, pafupi kwambiri moti ndinamva fungo la fodya m'kamwa mwake. Anagogoda bondo langa ndi ndodo.

"Paja iwe ndi mwamuna. Suja unandithyola mphuno? Ndili pano. Tsika."

Ndinapitiriza kuwerenga matabwa aja.

"Tsika, ndodo ndiika pansi. Anzangawa salowererapo. Tingomaliza za ku sukulu zija." Anaika ndodo pansi ndithu, n'kutambasula manja. "Kapena unkangolimba ndi ana a Sitandade 6?"

Chibwano chake chinali pamtunda woti phazi langa likanachipeza bwinobwino, osadzuka n'komwe, koma ndinadziwa kuti thupi likangogwedezeka kona ikwera. Anachotsa chipewa cha amalume pamutu panga n'kuchiponya m'matope a dzulo. Anandikoka khutu, pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso. Kenako ananena za mayi anga, mawu amene sindingalembe pano, za mmene anandipezera ine popanda bambo wodziwika.

Ndinamva thako langa likunyamuka lokha. Sindikunama, linanyamuka. Dzanja la amalume linagwera pa ntchafu yanga, lolemera, la munthu wa kumigodi, n'kundikanikizira pansi. Sanandiyang'ane ine. Anayang'ana mnyamatayo.

"Amene ukunenayo ndi mlongo wanga," anatero mofatsa. "Wanena, tamva. Yewo."

Mawu awo anali ofewa, koma zala zawo zinkaboola mnofu wanga, ndipo ndinazindikira kuti akudzigwira iwonso. Ndinaluma m'kati mwa tsaya mpaka ndinalawa magazi. Misozi inatsika yokha, ya ukali, ndipo wamphuno ataiona anasangalala ngati wawina mpira. Anabwerera pa benchi akuuza anzake kuti injiniya akulira m'malo mwa galimoto.

Masana anadutsa choncho. Akazi a amalume anabweretsa madzi m'kapu, ndinamwa pang'ono pokha, pakuti chikhodzodzo chinali chitayamba kale kundivuta. Cha m'ma thuu koloko sindinathenso kupirira. Ndinawanong'oneza amalume. Anayang'ana uku ndi uku, n'kusuntha kuima pakati pa ine ndi khonde, atatambasula jekete ngati akuliwomba mphepo. Ndinadzithira pomwepo, mwamuna wamkulu, mkodzo n'kutsikira pa nyale ya galimoto. A pakhonde anaona chithaphwi pansi. Zimene ananena zinamveka pa Jenda kwa zaka.

Kenako mitambo inayamba kuunjikana cha ku Zambia. Ndinaiyang'ana monga sindinayang'anirepo mtambo chibadwire. Mphepo inabwera, fumbi, kenako madontho akuluakulu akugunda boneti n'kutulutsa nthunzi. Mvula inagwa yamphamvu. A malaya ofiira anadzipanikiza kukhoma. Ndinamva chitsulo chikuzizira pansi panga, ndipo mwa nzeru zanga ndinadziwa kuti tsopano chabwerera m'malo, ndikhoza kutsika. Amalume anandifunsa ndi maso. Ndinapukusa mutu. Ndinali nditanena kale kanayi kuti ndakonza. Ndinakhalabe pomwepo, mvula ikunditsuka, mano akugundana, iwonso osachoka.

Mvula inakata dzuwa lili pafupi kulowa. Wamphuno anatuluka pakhonde, anayang'ana kumadzulo, anayang'ana ine. Ndikuganiza kuti anali ndi njala, ndiponso masewera anali atamukwana. Anadikirabe mpaka kufiira konse kutazima kuseri kwa mitengo ya bulugama.

"Tsika tione," anatero.

Miyendo inali itafa dzanzi. Amalume anandigwira m'khwapa. Ndinatsetsereka pang'onopang'ono, dzanja limodzi likukanikizabe kona, kenako ndinachotsa chikhatho, n'kutsala zala zitatu, ziwiri, chimodzi. Ndinachotsa. Tonse tinaima kumvetsera. Kunkangomveka madzi akudontha kuchokera pa malata.

Wamphuno analavula pansi, anatola ndodo yake, n'kuuza anzake kuti azipita. Sipanala yanga anapita nayo.

Usiku umenewo ndinagona chafufumimba, akazi a amalume atandipatsa mafuta odzola pa matuza. Kutangocha, dzuwa lisanatuluke, ndinabwereka sipanala kwa dalaivala wa lole uja. Amalume anakoka chotsegulira boneti, inakuwa, ine n'kumasula waya wa batire isanathe ngakhale theka la mphindi. Ndinawaonetsa kaswichi kaja. Mutu wake wa labala unali utadyeka, ndipo pa boneti pamene unkagunda panali kachizindikiro kowala, kosonyeza kuti unkangokhudza pang'ono. Ndinadula kachidutswa ka tayala lakale, ndinakamatira pamenepo, ndinamasula nati ya kaswichi n'kukakweza m'mwamba mizere itatu. Loko wa kiyi ndinamuchotsa n'kutulutsa chidutswa chothyoka ndi singano. Ntchito yonse sinafike ola limodzi. Nditabwezera waya wa batire, tinaisiya padzuwa yotchera tsiku lonse, ine nditaima pambali ndi sipanala m'manja, pakuti kukhala sindikanatha. Teni koloko inadutsa, masana anadutsa. Sinalire.

"Mwaona, asibweni? Tsopano ndiye ndakonzadi."

"Wakonza, muphwa. Naona." Anazungulira galimoto kamodzi, manja kumbuyo. "Sono chotsa chonsecho."

"Chotsa? Chili bwino! Mwaona nokha!"

"Chotsa. Mawaya ake onse, ndi chokuwacho."

"Nanga akuba?"

"Akuba amangotenga galimoto basi, munthu amamusiya."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikangane, koma iwo anali atalowa kale m'sitolo kukayeza mchere wa mayi wina amene ankadikira. Ndinayang'ana ntchito yanga yabwinoyo kwa kanthawi. Kenako ndinatsegula boneti n'kuyamba kumasula.